Chitseko cha Mumtima Nachonso Chimakalamba

Amai anzanga, mng'ono wanga wayambanso kupuma mwabefu akangotula ndowa yochokera kumjigo. Apongozi ake akuti walodzedwa; mwamuna wake akuti madokotala anamnyenga. Ine ndinamperekeza kuchipatala, ndipo zimene ndinamva kumeneko ndati ndikugawireniko.

Mumtima muli tizitseko tinai, timene madokotala amati mavalavu, toletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Kena ka mng'ono wangayo kanaonongeka ndi nthenda imene inayamba ndi zironda zapakhosi iye ali mwana. Zaka 11 zapitazo anapita ku India kukachitidwa opaleshoni, ndipo anamuuza asankhe pakati pa chitseko chachitsulo ndi cha nyama. Chachitsulo chimakhalitsa, koma mwini wake amamwa warfarin moyo wake wonse kuti magazi asaundane, ndipo mankhwalawa angathe kupundula mwana m'mimba. Iye anali atangolowa m'banja, mtima uli pa kubereka. Anasankha cha nyama.

Nanga chatheranji? Chitsekocho anachisoka ndi kachikopa kokuta mtima wa ng'ombe, ataviika m'mankhwala a glutaraldehyde kuti chirimbe ndi kuti thupi lisachikane. Mankhwalawo amachisandutsa ngati chikopa chofufuta, chopanda moyo. Chitseko chobadwa nacho chikaperepeseka chimadzikonza chokha, choikirira sichingatero. Komatu mtima umagunda pafupi-fupi ka 100,000 pa tsiku, ndipo kugunda kulikonse chitsekocho chimatseguka ndi kutsekeka. Ngakhale chitenje cholimba chimayamba kutha popindira.

Chinanso, kashiamu wa m'magazi, yemwe amalimbitsa mafupa, amakakamira pamenepo monga zoyera zija zimakakamira m'ketulo. Pang'ono-pang'ono chitseko chimauma ndi kulephera kutseguka bwino, kapena chimang'ambika, magazi nkumabwerera. Kwa okalamba chimatha zaka 10 mpaka 20. Kwa achitsikana chimafulumira kutha.

Tsono inu amene muli ndi mbale wotere, musamlole kuleka sikelo ya mtima chifukwa choti akupeza bwino. Befu, kutupa kwa mapazi ndi kutopa msanga si ufiti ai. Chitseko chotha chimasinthidwa, malinga munthu afike kuchipatala mtima usanafooke.

Pobwerera ndinamfunsa ngati akunong'oneza bondo. Sanandiyankhe msanga. Titafika, anangondilozera ana ake awiri alikusewera pabwalo, nati, "Achemwali, zaka zimenezi ndinazigwiritsa ntchito."