Basi ya waya ndi tepi ya ababa

M'nyumba mwathu tidabadwa anyamata atatu, ndipo tonse tidakulira m'mudzi wina kufupi ndi boma la Mangochi m'zaka za m'ma 1980. Monga anyamata ambiri a nthawi imeneyo, ife tidali akatswiri a galimoto za waya. Chimango tinkapinda ndi mwala, polumikiza tinkamanga ndi mphira ya chubu chakutha cha njinga, matayala adali zitini za polishi wa nsapato, ndipo chiwongolero chidali waya wautali wofika m'chiuno kuti mwini galimoto aziyendetsa ali chiimire.

Chimene tinkachisirira koposa idali basi ya UTM imene inkadutsa pamsewu wopita ku Monkey Bay, katundu atadzaza pamwamba. Tidapangana zopanga basi yoteroyo, koma waya adatichepera. Tsiku lina madzulo tidapita kudimba kwa anganga ndi kumasula waya amene adamangira mpanda, tikumauzana kuti pang'ono pokha sipangaoneke. Usiku womwewo mpanda udagwa mbali imodzi, mbuzi zidalowa, ndipo pofika m'mawa mpiru ndi tomato zonse zidali zitadyedwa.

Achinyamata a lero mwina sangamve kukula kwa mlanduwu. Maphunziro aulere a pulayimale adayamba mu 1994, ndipo m'masiku athu aja mwana aliyense ankalipira fizi. Ndiwo za m'dimba lija ndizo anganga ankagulitsa kuti athandize ababa pa fizi yathu. Tidawapeza atakhala pansi pakhomo la dimba, osalankhula kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kudatipweteka kuposa chikoti.

Ababa adali atelala, ankasoka pakhonde la sitolo ina pa boma. Atamva nkhaniyi adatiitana nati, "Anyamata inu, bweretsani chinthu chimene chadyetsa mbuzi ndiwo za amayi anga." Tidabwera nayo basi ija tikunjenjemera, poganiza kuti aiponda kapena akaiponya mu Shire. Iwo adaitembenuza uku ndi uku, adaiyendetsa pang'ono pabwalo, kenaka adati, "Mwaba waya, ndiye mwapanganso basi yabodza. Kodi mudaonapo kuti basi ya matayala ofika pawindo?"

Chilango choyamba chidali kumanganso mpanda ndi bango ndi luzi, ndi kuthirira dimba m'mawa uliwonse mpaka mbewu zatsopano zitakula. Chachiwiri sitidachiyembekeze. Loweruka lotsatira adatitenga kupita kumene mabasi ankaimira, tepi yawo yoyezera nsalu ili m'khosi. Adapempha dalaivala mwaulemu kuti, "Achimwene, tiloleni tiyeze basi yanuyi, anawa aphunzirepo kanthu." Anthu ankatiseka, koma ababa sadasamale. Mmodzi wa ife adagwira tepi, wina ankawerenga, wachitatu ankalemba pa pepala la simenti.

Tidapeza kuti basi ija idali yotalika pafupifupi mamita 10, ndipo tayala lake lidali pafupifupi mita imodzi kuchoka pansi kufika pamwamba. Ababa adati, "Ndiye kuti matayala 10 atandandalikidwa akukwana basi yonse. Tsono chitini chanu cha polishi ndi masentimita angati?" Chidali pafupifupi 7. Pamenepo tidaona tokha kuti basi yoyenera matayala amenewo iyenera kukhala masentimita 70, pamene yathu ija sinkafika ndi 30 omwe. Phunziro lake lidali lakuti uziyamba ndi chimene uli nacho m'manja, ndiye zina zonse, mawindo, chitseko ndi makwerero, zizitsata muyeso womwewo. Masamu ogawa amene ankatizunza m'kalasi tidawamvetsa tsiku limenelo titagwada pafumbi.

Patapita zaka tidadziwa kuti chimene ababa adatiphunzitsa chili ndi dzina, ndipo kumaiko ena akuluakulu ndevu zili pepeya amathera nthawi yawo yopuma pa ntchito yomweyi. Amachitcha sikelo. Akalemba 1:24 ndiye kuti sentimita imodzi pa kagalimoto ikuimira masentimita 24 pa galimoto yeniyeni, kotero galimoto ya mamita 4.8 imasanduka ya masentimita 20. Kampani ya Tamiya ya ku Shizuoka m'dziko la Japan imagulitsa tizidutswa ta pulasitiki ta muyeso umenewu, ndipo wogula amamata yekha injini, mipando ndi zitseko, ndi kupaka penti yomwe wafuna. Ena amasintha matayala, amatsitsa galimoto kuti ikhale pafupi ndi nthaka, mwinanso kuipaka dzimbiri ladala kuti ioneke ngati yayenda zaka zambiri.

Tigalimoto tachitsulo ta Matchbox tidayamba ku London mu 1953, ndipo dzinalo lidabwera chifukwa tinkagulitsidwa m'timabokosi tonga ta machesi. Ta Hot Wheels tidatuluka ku America mu 1968, ndipo tambiri ndi ta muyeso wa pafupifupi 1:64. Luso la ana a kuno kwathu nalonso lidamveka kutali, pakuti mu 1990 mayi wa ku America, Karen Lynn Williams, amene adakhalapo m'Malawi muno, adatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wofunafuna waya woti apangire galimoto yake.

Kusiyana kwake ndi kwakuti anzathu akunjawo amagula zidutswa zoyezeratu ku fakitale, pamene mwana wa kuno amayenera kuyeza yekha, kufuna zipangizo yekha ndi kuganiza yekha m'mene matayala akutsogolo angakhotere akapotoza chiwongolero. Zosintha galimoto kuti ikhale ya mwini wake ifenso tinkazichita. Basi yathu yachiwiri tidaiikira masipuling'i a waya wopota kuti izinyera pa mabampu, matayala tidawaveka mphira ya patapata wakutha, nyali zidali mababu a tochi olumikiza ku mabatire awiri, ndipo pamwamba tidamanga timitolo ta nsanza zochokera kwa ababa ngati katundu wa apaulendo. Waya wake tidachita kupempha kwa amakanika, titawasesera pamalo pawo masiku angapo.

Basi imeneyo sitidaseweretse nthawi yaitali. Mlendo wina wopita ku Cape Maclear adaiona m'mbali mwa msewu, adaimitsa galimoto ndi kuigula. Kunena zoona mitima idatiwawa poiona ikupita, koma ababa adatiuza kuti ndalamazo mwini wake alipo. Tidakagwada pamaso pa anganga ndi kuwapatsa zonse. Iwo adaziwerenga, adamanga pansonga ya chitenje, nati, "Tsopano mbuzi zija zalipira." Kudali koyamba kuseka nafe chichitikire mlandu uja.

Lero ababa ndi anganga adatisiya, ndipo ifenso tili ndi ana ndi zidzukulu. Mmodzi wa ife ndi kalipentala, wina amawotcherera zitsulo, wachitatu adatenga makina a ababa. Tonse atatu timadya chifukwa cha tepi. Chimene chatipangitsa kulemba ndi chakuti miyezi yapitayi tidapeza mdzukulu wathu akuwotcha tayala lakutha kuseri kwa nyumba kuti achotsemo waya, utsi wakuda uli tolotolo. Pakamwa padafika kale mawu okalipa, koma tidakumbukira m'mene ababa adachitira. Tidazimitsa motowo, tidamuuza kuti utsi wa tayala umawononga chifuwa, ndipo tidatulutsa tepi yakale ija m'bokosi. Madzulo ake tidali pa siteji tikuyeza minibasi, anthu akutiseka monga kale.

Makolo anzathu, akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Mwana akayamba kutolera mawaya musafulumire kunena kuti akudetsa pakhomo. Mfunseni kumene wautenga, ndipo ngati ndi wa eni ake akabweze ndi kupepesa. Muchenjezeni mwamphamvu kuti asayandikire mawaya a magetsi ngakhale atagwa pansi. Mukatero mpezereni waya wabwino, mubwerekeni tepi kapena chingwe, ndipo mumfunse kuti, "Kodi matayala angati akukwana galimoto imene ukufuna kupangayo?" Mdzukulu wathu adayeza katatu asadakhutire ndi yankho lake, ndipo minibasi yake tsopano yatsala mipando yokha.