Kaundula Wanga wa Nthomba

Chipsera chili paphewa langa lakumanzerechi n'cha katemera wa nthomba. Ana a masiku ano akachiona amafunsa ngati ndinapsa ndi moto. Nthomba sakuidziwa, ndipo ndimathokoza Mulungu pa chimenecho. Ine ndinaiona ndi maso: munthu matuza thupi lonse, m'zikhatho ndi kumapazi komwe, atamugoneka pamasamba a nthochi poti mphasa inkamusupula khungu. Wopulumuka ankatsala ndi nkhope ya maenjemaenje, ena osaonanso.

Ndinalowa ntchito yotemera anthu mu 1968, patangopita chaka bungwe la WHO litakhwimitsa nkhondo yothetsa nthomba padziko lonse. Sitinali madokotala. Anatiphunzitsa masiku owerengeka, n'kutipatsa timabotolo ta katemera wouma, masingano a nsonga ziwiri ngati mphanda, ndi kaundula wa chikuto cholimba. Singano unkaiviika m'katemera wosungunula, kadontho n'kukakamira pakati pa nsongazo, kenako unkabaya paphewa ka 15 mofulumira mpaka timagazi tioneke. Madzulo tinkawiritsa masingano mumphika, m'mawa ulendo wapanjinga kumidzi ya m'munsi mwa phiri la Mulanje.

Kubaya sikunkavuta. Unkavuta ndi kaundula. Anthu ankaopa kulembedwa kuposa singano, poti ankadziwa kuti dzina likalowa m'buku la boma, msonkho uli m'njira. Abambo ankathawira kuphiri, amayi n'kubisa ana m'nkhokwe. Tikafika pamudzi tinkayamba tanjuta pabwalo n'kuomba m'manja: "Zikomo mfumu, sitinadzere msonkho ayi, tabwera ndi katemera wa nthomba." Amfumu akavula malaya n'kupereka phewa lawo, nkhokwe zinkayamba kutsokomola, ana n'kumatsika mmodzimmodzi ali gagagaga ndi fumbi la chimanga.

Ndinkalemba ndi pensulo: dzina, mudzi, zaka. Zakazo zinali zongoyerekeza. Mayi akati mwanayu anabadwa njala ya 1949 itangotha, ndinkawerengera pamenepo. Sabata ikatha tinkabwerera kukaona ngati katemera wagwira, ndipo amene sanatuluke thuza tinkamubayanso. M'mphepete mwa tsamba ndinkalembamo zanga zimene palibe anandituma: mudzi uwu uyambire kwa gogo wachizimba, akavomera iyeyo onse avomera, mudzi uwu usapiteko tsiku lamsika, kuno akuluakulu akadali kutenga mafinya a wodwala n'kutemera nawo ana ngati mphini, ndiye matenda akufalikira pomwepo.

Wodwala nthomba womaliza m'Malawi anapezeka mu 1971. Womaliza kuitenga mwachilengedwe padziko lonse anali wa ku Somalia mu 1977, ndipo mu 1980 WHO inalengeza kuti nthomba yatha. Ife sitinapume. Kolera atabuka mu 1973 anatiitananso, tinayamba kuthira mankhwala m'zitsime ndi kuwerenga zimbudzi. Alangizi a zaumoyo amene mumawaona kusikelo lerowa, ntchito yawo inaphuka pa ifeyo.

Nditapuma ntchito ndinapita kuchipatala kumene tinkasiya makaundula, ndikufuna kungowagwirako. Anandilozera kachipinda kakumbuyo. Denga linkadontha, ndipo chiswe chinali chitamanga dothi mpaka pamwamba pa mulu. Ndinanyamula buku limodzi, m'manja munatsala chikuto chokha. Ndinakhala pakhonde nthawi yaitali osayankhula. Mmenemo munali mayina a midzi yonse imene ndinaiyenda zaka zanga zamphamvu.

Chaka chatha mdzukulu wanga, amene akuphunzira za umoyo, ananditengera ku Zomba, ku National Archives, ofesi imene yakhala ikusunga zolemba za dziko lino kuyambira mu 1947. Kumenekonso anamva kuwawa kotaya mapepala, poti moto wa mu 1919 unapsereza maofesi a boma la atsamunda pamodzi ndi mafaelo ambiri akale. Anatibweretsera malipoti akale a pachaka a zachipatala, olembedwa pataipi, mapepala achikasu onunkhira fumbi. Nthomba, khate, kaodzera, chifuwa chachikulu, zonse m'mizere yake, boma ndi boma. Ndinasangalala kuwaona ali amoyo. Koma ndinawerenga mpaka maso kuwawa osapezamo nkhokwe, osapezamo gogo wachizimba uja. Lipoti linkanena kuti anthu otemeredwa ndi angati. Mmene anavomerera, tinkadziwa ndife oyenda pansi.

Zimenezi zinandipweteka kwambiri kolera wa 2022 ndi 2023 atapha anthu oposa 1,700, komanso pamene anthu ankathawa katemera wa Covid-19 ndi mantha omwe aja amene ine ndinkakumana nawo ndili mnyamata. Ndinkaona alangizi achinyamata akuphunzira ndi misozi zimene tinalemba kale m'mphepete mwa masamba. Ku Chilumba, m'boma la Karonga, ofufuza za khate akhala akusunga zolemba zawo kuyambira mu 1979, ndipo zolemba zimenezo n'zimene zinathandiza kuonetsa kuti katemera wa BCG amatetezanso ku khate. Pepala losungidwa bwino limagwira ntchito mwini wake atagona kale.

Titabwerako ku Zomba kuja ndinatsegula sutikesi yanga yachitsulo. Pansi pa jekete la ukwati panali kabuku kamodzi ka 1970 kamene ndinaiwala kubweza.

"Agogo, mwakhala nako zaka zonsezi osanena?"

"Iwe, ndinkaopa kuti andinena kuti ndinaba katundu wa boma."

Tsopano Loweruka lililonse amabwera ndi foni yake kudzajambula masamba. Pensulo inafufuta, ndipo kalembedwe kanga sakutha kukawerenga, ndiye ine ndimawerenga mokweza, iye n'kumalemba pakompyuta. Tikafika pa dzina limene ndikulikumbukira nkhope, amadikira kaye ndimalize kufotokoza. Tafika tsamba 23.