Munda wa pa lubwe

Kwathu kumunsi kwa Neno, m'zitunda zoyang'ana mtsinje wa Lisungwi, anthu amati miyala ikubereka. Funsani aliyense wa msinkhu wanga, amene anayamba kugwira khasu m'zaka za m'ma 1970, akuuzani kuti munda womwe ankalima ali mwana unalibe miyala yochuluka chonchi. Sakunama ayi, miyala ikuonekadi yambiri. Koma inalipo kale yonseyo, inangokwiririka. Dothi lomwe linkaiphimba ndi limene lapita.

Dothi la kumtunda kwathuko timalitcha lubwe. Kuti mulidziwe bwino, imani pomwe anyamata akukumba dzenje la chimbudzi. Pamwamba pali kadothi kodera, kochepa kwambiri. Pansi pake pali nsangalabwi zothithikana, zoyera ndi zofiirira, zomatidwa ndi dongo. Mukapyola pamenepo mumapeza dongo lofiira lokhalokha, kenako thanthwe lofumbutuka lomwe piki amalowa koma khasu limakana. M'chilimwe lubwe limauma gwaa, khasu likamenya limathetheka moto, ndipo mpini umakunjenjemeretsa mpaka m'mapewa. Mvula ikagwa limanyata, kumata ku zidendene. Muli makhalidwe awiri m'dothi limodzi: dongo limasunga madzi ndi chonde koma limamwa pang'onopang'ono, pamene miyala imatsegulira madzi njira koma yokha siisunga kanthu.

Agogo anga aakazi sanapiteko kusukulu, koma nthaka ankaiwerenga. Munda wawo unkayambira pachitunda n'kutsetsereka mpaka kukhwawa, ndipo m'menemo ankaonamo minda inayi. Kumunsi kunali makande, dothi lakuda lomwe limang'aluka ming'alu yolowa dzanja mu Okutobala. Uko kunali kwa thonje. M'mbali mwa khwawa munali mchenga wa mbatata ndi mtedza. Pakati panali katondo, ndipo chimanga chinali cha pamenepo. Pa lubwe ankabzala mapira, nandolo, khobwe ndi nzama. Akakayika pamalo, ankatapa dothi, kulinyowetsa ndi madzi a m'chikho, n'kulipota pakati pa zikhatho. Likatuluka chingwe chachitali chosaduka, ankadziwa kuti dongo ndi lambiri. Likangofumbutuka, ankapukusa mutu. Ankayang'ananso zomera zokha: pomwe pali mitengo ya tsanya ankati pansi m'polimba, pomwe patuluka kaufiti ankati nthaka yatopa.

Chaka china amalume anaunga mizere ya chimanga mpaka pamwamba pa chitunda. Agogo anawayang'ana n'kunena kuti, “Iwe, lubwe sakakamiza. Chimanga chako chidzakula bwino mpaka Januwale, dzuwa likadzangowala sabata ziwiri udzachiona.” Amalume anayankha mwaulemu kuti, “Amayi, mbewu ya makonoyi imacha msanga.” Agogo sanawonjezere mawu. Iwo pa lubwe ankalimapo zaka zochepa, kenako ankapasiya tsala, udzu ndi ziphukira za mitengo zizibwerera, masamba aziwolerana, chiswe chizigwira ntchito yake.

Tsala ndi limene linayamba kutha. Pa kalembera wa 1966 Amalawi tinali ongopitirira pang'ono 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 tinali titadutsa 17.5 miliyoni. Kwathu munda umatsata ana aakazi, choncho munda wa agogo unagawidwa kwa amayi ndi abale awo, kenako kwa alongo athu. Amene anagwera kumunsi analandira makande ndi katondo. Amene anagwera kumtunda analandira lubwe lokhalokha, ndipo munthu amene ali ndi kamunda kamodzi sangakagoneke, sangakadzaze mapira ana akulirira nsima ya chimanga. Sindingamudzudzule mayi wotero. Akanalowera kuti?

Mitengo inatsatira. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 abale athu othawa nkhondo ku Mozambique anadzaza m'dera lathu, msasa waukulu uli ku Luwani, ndipo nkhuni ndi milimo zinafunika zambiri. Iwo anabwerera kwawo nkhondo itatha, koma nkhwangwa sinapume, chifukwa makala anali atapeza msika. Aliyense wodutsa pa Zalewa amawaona matumba ali ndandanda kudikira magalimoto a ku Blantyre. Tsanya, yemwe makala ake ndi olemera ndiponso okhalitsa pambaula, ndiye anayamba kutha, ndipo otentha makala atamaliza mitengo anayamba kukumba zitsa.

Kenako kunabwera thumba la feteleza. Mu 1998 tinalandira timapaketi ta mbewu ndi feteleza taulere, mu 2005 makuponi anayamba. Ndinaona ndi maso anga mabanja omwe ankagona ndi njala akukolola, ndiye sindinganyoze feteleza. Chimene chimandipweteka n'chakuti kwa zaka zambiri thumba linali limodzimodzi dziko lonse, 23:21:0+4S wokulitsa ndi urea wobereketsa, kaya munda ndi wa makande ku Chikwawa, wa katondo ku Lilongwe, kapena wa lubwe kwathu. Tinazolowera kuganiza kuti zokolola zili m'thumba, nthaka ndi poimika chimanga basi. Mafunso a agogo aja, akuti pano n'potani ndipo pakufuna chiyani, anthu anasiya kufunsa. Mapesi tinayamba kuwatentha posaka mbewa ndi pososa, otsala mbuzi n'kumaliza, mwakuti mvula yoyamba imapeza munda uli mbee.

Zimene zimachitika pamenepo zimaoneka mukaima m'munda mvula ya Disembala ikugwa. Madontho amamenya dongo losaphimbidwa, kuliphwanya, n'kulimata pamwamba kukhala chikhungwa. Madzi amalephera kulowa, amasonkhana m'makwawa a mizere, amaboola mzere umodzi, kenako wachiwiri, mpaka atsegula ngalande. Amatuluka m'munda ali ofiira. Mvula imasefa munda mmene amayi amasefera ufa: wosalala umadutsa, misere imatsala. Kafukufuku amene bungwe la FAO linachita ndi boma anapeza kuti mu 2014 dziko lathu linkataya matani pafupifupi 29 a dothi pa hekitala iliyonse pachaka. Mukawerengera, ndi mamilimita awiri okha pachaka, n'chifukwa chake palibe amene amadzidzimuka. Koma pa zaka makumi anayi ndi masentimita asanu ndi atatu, ndipo kadothi kodera ka pa lubwe m'malo ambiri sikankapitirira pamenepo. Dothi lathu limalowa mu Lisungwi, Lisungwi amalitula mu Shire, n'kukadzaza damu la magetsi ku Kapichira.

Nditakula ndinaphunzira mmene akatswiri a nthaka amagawira dothi, ndipo ndinadabwa kuona kuti malire awo akudutsa momwe agogo ankadutsitsa awo. Makande amawatcha Vertisols. Dothi losaya, lamiyala, lokhala pathanthwe amalitcha Leptosols. Pomwe dongo likuchuluka mukamakumba kupita pansi amatchula Luvisols kapena Lixisols, malinga ndi mtundu wa dongolo. Chitunda chimodzi cha kwathu chikhoza kukhala ndi mayina awiri kapena atatu mwa amenewa. Koma pali chinthu china chimene ndikanakonda mlimi aliyense wa pa lubwe atachidziwa. Dothi likafika kolipima, monga ku Bvumbwe kapena ku Chitedze, amayamba aliumitsa n'kulisefa pa sefa ya mabowo a mamilimita awiri. Zonse zotsala pamwamba amaziwerenga kuti ndi miyala, amaziika pambali, n'kupima zodutsa zokha. Pepala la zotsatira likhoza kunena kuti dongo lanu lili ndi chonde, ndipo n'zoona. Koma ngati theka la zimene khasu latukula ndi nsangalabwi, mizu ili ndi theka lokha la nkhokwe ya madzi ndi chakudya. Onjezerani thanthwe lomwe lili pafupi, ndi mvula ya kwathu yomwe zaka zambiri siifika mamilimita 800, mumvetsa chifukwa chake chimanga cha pa lubwe chimayamba kupinda masamba cha pa katondo chikadali chobiriwira.

Mu 2024, mvula itadula chifukwa cha El Niño, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Pachitunda chathu chimanga chinauma chikungomasula ngayaye. Nandolo anaima, chifukwa muzu wake umaboola n'kukafika ku dongo lonyowa la pansi. Mapira a anthu ochepa amene akadali ndi mbewu yake anafota masana, n'kudzuka mvula itabwerera.

Msuweni wanga amene analandira gawo la pamwamba penipeni anayamba kalekale kuchita zomwe ena ankamuseka nazo. Miyala ikuluikulu amaitola n'kuiyala m'mizere yopingasa chitunda, motsata akalozera amene mlangizi anamuthandiza kuyeza, ndipo kuseri kwake anabzala vetiva. Timiyala ting'onoting'ono satichotsa. Akuti timaphimba dothi ku dzuwa ndi ku madontho a mvula, ndipo ukavundukula kamodzi masana pansi pake pamakhala pachinyezi. Chimanga amabzala pang'ono, m'mayenje othiramo manyowa, kwina konse ndi nandolo, khobwe ndi mapira. Mapesi satentha. Zitsa zikaphuka amasiya mphukira ziwiri zitatu kuti zikule. Tsiku lina anandiitana kuti, “Asuweni, tapisani dzanja apa.” Kumtunda kwa mzere wa miyala kunali kutaunjikana dothi lodera, lofewa, zala zinalowa zonse. Ntchito yake ndi yowawa, ya miyezi yotentha, ndipo phindu lake silibwera chaka choyamba. Akuluakulu ena safuna n'kumva komwe za milambala, poti amakumbukira malimidwe a m'zaka za m'ma 1950, pamene atsamunda ankalipiritsa ndi kumanga anthu chifukwa cha mizere. Chilondacho n'chenicheni, koma dothi likupitabe.

Ana a masiku ano amaphunzira kusukulu kuti dothi lili mitundu itatu, ndipo amakhoza mayeso, koma ambiri sangakulozereni pomwe katondo akuthera ndi pomwe lubwe likuyambira m'munda mwa mayi awo. Inu amene mukadali ndi agogo odziwa zimenezi, pitani nawo kumunda miyendo ikadali yolimba, akuonetseni malire ake, ana ali pomwepo. Ndipo inu alangizi ndi mabungwe ogawa zipangizo, musanatsitse thumba m'mudzi wa kumtunda, kumbani dzenje lofika m'mawondo muone chimene chili pansi. Mukapeza lubwe, bweretsaninso mbewu ya mapira ndi nandolo, chifukwa m'midzi yambiri mbewu ya mapira inatha.