Ku Malomo njinga imagwira ganyu, ilibe tchuthi

Inu anzanga a m'misika ya Lilongwe, Kasungu ndi Mzuzu, ambiri mwa inu mumaidziwa Malomo ndi sikelo basi. Mumafika mbandakucha, kupikula mtedza, soya ndi nyemba, kukweza matumba pa lole, n'kubwerera osaona ngakhale mtundu wa dothi lake. Ine ndapitako wopanda sikelo. Ndinali ndi funso limodzi: kodi bambo, mayi ndi ana awo angakwere njinga ku Malomo kongopitidwa mphepo, n'kubwerako onse ali bwinobwino?

Musaseke. Kunja anzathu zimenezi ndi zachizolowezi. Njanji ikatha ntchito, amazula zitsulo zija, kusalaza njirayo, n'kuipereka kwa apanjinga ndi oyenda pansi okhaokha. Ku America njira yotere yotchuka inatsegulidwa mu 1967 m'dera la Wisconsin, pakati pa matauni a Elroy ndi Sparta, ndipo mu 1986 kunabadwa bungwe la Rails-to-Trails Conservancy loona za ntchito imeneyi. Ku Mangalande nako njanji yakale ya pakati pa Bristol ndi Bath, mtunda wa makilomita pafupifupi 21, anaisandutsa njira ya njinga pakati pa 1979 ndi 1986. Chinsinsi chake n'chapafupi. Sitima siitha kukwera chitunda chachikulu, choncho njira yake imakhala yoyalika. Mulibe galimoto, mulibe mtsetse woopsa. Mwana wa sitandade 2 ndi agogo ake amapalasa limodzi.

Nanga kwathu kuno? Boma la Ntchisi silinaonepo njanji. Yathu inachoka ku Salima kufika ku Lilongwe mu 1979, kenaka n'kupitirira ku Mchinji, mapiri a Ntchisi n'kuwasiya kumpoto. Ndiye za njanji yosanduka njira ya njinga tiiwale. Tione zomwe zilipo.

Malomo ili kumpoto kwa boma la Ntchisi, m'dera la Mfumu Chilooko, pa msewu wa M18 wochoka ku Kasungu kutsikira ku Nkhotakota. Ndi amodzi mwa malo anayi omwe anasankhidwa kuti atukulidwe ndi thandizo la African Development Bank, pamodzi ndi Jenda, Monkey Bay ndi Chitekesa. Msika ulipo, depoti ilipo. Koma mfumu yeniyeni ya pamalopa ndi njinga yakapalasa.

Kaimeni pamsika dzuwa likamatuluka muone. Njinga ikubwera itasenza matumba awiri a chimanga, mwini wake akukankha, thukuta lili kamukamu. Ina yanyamula mbuzi yomangidwa pakaliyala ikulira momvetsa chisoni. Ina nkhuni zosanjikiza kupitirira mutu wa wopalasa. Anyamata a kabaza nawo ali pamzere, makushoni opukutidwa bwino, akuitana aliyense wotsika minibasi kuti bwana kapena mayi. Pansi pa mtengo mmisiri ali jijirijijiri kumata chubu, kuwongola masipoko, kulumikiza tcheni. Njinga ya ku Malomo ndi lole, ndi ambulansi, ndi basi ya ana asukulu. Chomwe sindinaone ndi njinga yongosangalatsa mwini wake.

Ndinabwereka imodzi kwa mmisiri wina. Nditamuuza kuti sindikukagula kanthu, ndikungozungulira, anandiyang'ana ngati ndamwa kachasu m'mamawa. Komabe anapopa matayala, anayesa mabuleki, n'kundilangiza ngati mng'ono wake kuti ndilowere kuzambwe, mbali ya ku Kasungu, osati kuvuma.

Malangizo amenewa ndi a golide. Kuzambwe kwa Malomo dziko limayamba kuyalika kulowera ku mtsinje wa Bua. Mukangosiya msewu waukulu n'kulowa m'tinjira ta m'midzi, mupeza zomwe azungu amalipirira ndalama zambiri. Dothi lake ndi lolimba, lopondedwa ndi mapazi ndi matayala kwa zaka zambiri mpaka kusalala ngati pakhonde pozira. Njira imadutsa m'minda yokolola kale, pambali pa zigafa za fodya, kutsetsereka pang'ono kulowa m'dambo momwe muli madimba a tomato, mpiru ndi nzimbe, n'kukweranso mosatopetsa. Galimoto mulibe. Chokusokonezani ndi nkhuku, ngolo ya ng'ombe, ndi ana othamangira kudzakuonani. Ukaima n'kucheuka, mapiri a Ntchisi ali ndandanda chakummwera, obiriwira modera ngati utsi.

Pamenepa mpomwe banja lingayende. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi kufika Ogasiti, mvula itatha, matope atauma, dzuwa la Okutobala lisanayambe kuotcha. Ndi nyengo yomweyo imene inu mumapita kukapikula mtedza. Nyamukani kukadali kachisisira, mubwerere dzuwa lisanafike paliwombo. Tengani madzi, pampu ndi zomatira chubu, chifukwa minga siyang'ana nkhope. Mwana wamng'ono akakhala pakaliyala, mapazi ake atalikirane ndi masipoko. Ambiri tili ndi zipsera za pachidendene zotikumbutsa zimenezi.

Ndipo kuno n'kwa Achewa, njira ili ndi malamulo ake osalembedwa. Mukaona masamba atayalidwa panjira, dziwani kuti pali maliro: tsikani, vulani chipewa, kankhani njinga mpaka mutadutsa masamba enawo. Mukakumana ndi gule wamkulu, patukani mwaulemu, ana akhale pambuyo panu, ndipo ngati muli ndi kangachepe ponyani pansi. Mukapeza akuluakulu, perekani moni musanafunse njira. Safunsa anadya phula.

Tsono mbali zina ziwirizo ndi nkhani ina. Kummwera, kulowera ku Ntchisi boma ndi kupitirira mpaka ku mapiri a Dowa, ndi zitunda ndi mitsetse yokhayokha. Kumeneko kuli nkhalango ya Ntchisi, imodzi mwa nkhalango zachilengedwe zochepa zomwe zatsala m'dziko muno, ya mitengo italiitali, anyani ndi mbalame zosowa. N'kokongola zedi, koma nkhalango imeneyo njoyenda pansi. Mtsetse wa kumeneko ndi njinga ya mabuleki otha, ndiye kuitana anamfedwa. Kuvuma nako msewu umakalowa m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, yomwe bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015. Mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Njovu sidziwa belu la njinga. Ana mukawaonetse ali m'galimoto.

Koma chilombo chachikulu si njovu ayi. Ndi msewu waukulu womwe. Kuti mufike ku tinjira tokoma tija, muyenera kuyamba mwapalasa m'mbali mwa M18, ndipo pamenepo mtima umakhala m'mwamba. Lole ikaliza hutala kumbuyo, wanjinga alibe kolowera koma kudumphira kufumbi, katundu ndi mwana yemwe. Njinga zamoto za kabaza nazo zachuluka, zikuthamanga ngati zathawa ngongole. Ine wamkulu ndinatsika kangapo konse n'kuima patchire kudikira kuti zidutse. Nanga mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri angatani?

Apa mpomwe ndikufuna akuluakulu a khonsolo ndi a misewu amve. Sitikupempha zinthu za ku Ulaya. Tikupempha kampata m'mbali mwa msewu, kolimba bwino, kolekanitsidwa ndi magalimoto, kuyambira pamsika mpaka kusukulu, kuchipatala ndi m'midzi yoyandikira. Kampata kameneko sikangakhale ka osewera okha. Mlimi wobweretsa soya amene inu mumagula adutsa pomwepo. Mayi woyembekezera wopita kusikelo adutsa pomwepo. Nthawi ya kampeni andale amagawa njinga pamisonkhano, anthu n'kuwomba m'manja. Chabwino, zikomo. Koma wapatsa munthu njinga osampatsa poyendetsa, wampatsa chiyani? Kuyambira mu 2018 bungwe la United Nations linaika 3 Juni kukhala tsiku la njinga padziko lonse. Tsikulo likamafika, aphungu athu adzayese kupalasa kilomita imodzi yokha pa M18 opanda apolisi kutsogolo, adzatiuze kukoma kwake.

Yankho la funso langa ndi ili: inde, banja lingapalase ku Malomo, koma njira muyenera kuisankha nokha, ndipo pamsewu waukulu ana atsike, akankhe njinga ali kumbali yakutchire, wamkulu ali kumbali ya magalimoto.

Ndiye ulendo wina mukamapita kokapikula, makamaka sukulu zikatsekera, tengani mayi a kunyumba ndi ana. Matumba akadikire lole. Bwerekani njinga ziwiri zitatu kwa amisiri, muyambe mwayesa mabuleki, mulowere kudambo. Pobwera mugule nzimbe ndi thobwa, ndalama ina itsale kwa eni dera. Ana a m'tauni amadziwa mtedza uli m'thumba. Akauone komwe umachokera. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.