Imhotep wa kuseri kwa chigafa

Minibasi yochokera ku Lilongwe inanditsitsa pa Chinkhoma mvula itangokata kumene. Unali mwezi wa Malichi, fodya akadali m'zigafa, okushoni asanatsegule, ndiye pamsika wa fodya paja panali zii. Ndinakwera kabaza kulowera kwa mlongo wanga, m'dera la mfumu yaikulu Njombwa.

Njira yake ndi ya minda yokhayokha. Fodya wa bale anali atathyoledwa masamba am'munsi, mitengo yake itatsala ndi nsonga zokha. Pakhomo lililonse chigafa chafolera udzu, mikangala yalemedwa, amayi akhala pansi kusoka masamba, zala zili bii ndi utomoni. Fungo lake limakakamira pakhosi. Wakabaza anandisiya pakamsika kena, pomwe pali chigayo, okazinga tchipisi ndi kanyumba ka vidiyo kotchinga ndi nsanza pakhomo. Sipika anaikoleka panja kuti odutsa akopeke, ndipo mawu a womasulira filimu m'Chichewa ankamveka mpaka kuchigayo. Pabolodi analemba ndi choko: The Mummy.

Filimuyi ndi yakale, ya 1999, koma kuno sinakalambe. Woipa wake ndi Imhotep, wansembe wa ku Igupto amene anaikidwa m'manda wamoyo, nkudzadzuka patapita zaka zikwi zitatu. Anasewera malo akewo ndi Arnold Vosloo, wobadwira ku Pretoria. Chomwe ana a kuno anatolamo si mchenga wouluka kapena tizilombo todya anthu tija ayi. Anatola pomwe khamu la mu Cairo limayenda m'misewu maso ali gwa, thupi lili zilonda zokhazokha, likutchula dzina la mbuye wawo, nzeru zitalandidwa.

Ndinakazipeza zimenezi kuseri kwa chigafa cha alamu anga. Panali ana khumi ndi awiri kapena kuposerapo. Wina anazikulunga neti yakutha ya udzudzu thupi lonse, phulusa m'mikono: ameneyo ndiye Imhotep. Kumaso sanaphimbe. Mwana wa mlongo wanga anandinong'oneza kuti tsiku lina anayesa kuvala chigoba cha katoni, agogo ena nkuwabalalitsa ndi ndodo, ati zophimba nkhope kuno zili ndi eni ake kudambwe, si zoseweretsa ana. Otsalawo anagawana maudindo: Spider-Man wa ulusi wosokera fodya, Black Panther wa zikhadabo za nsungwi, Hulk amene anasankhidwa chifukwa chonenepa basi. Kuti anthu amenewa sanakumanepo ndi Imhotep m'filimu iliyonse, palibe amene zinamukhudza.

Pamwamba pa chulu panakhala mnyamata wamkulupo, wa Sitandade 8. Iye sankamenya nawo nkhondo. Ntchito yake inali kufotokoza, akutsanzira mawu a womasulira wa pakamsika uja: tsopano kwada, tsopano chitseko cha manda chatseguka, Hulk wagwa m'dzenje. Chimene wanena ndicho chachitika. Ku America masewera otere amachitira patebulo, ndi mabuku a malamulo ndi madayisi, kuyambira pa Dungeons & Dragons ya 1974, ndipo mu 1984 kampani ya TSR inatulutsa ena a ngwazi za Marvel. Nakonso kumakhala mmodzi wofotokoza nkhani, ena nkumayankha zomwe ngwazi zawo zichite. Wa pachulu uja sanamvepo zimenezo, koma vuto lomwe anakumana nalo madzulo amenewo ndi lomwelo limene limasautsa ofotokoza a patebulo.

Lamulo linali loti Imhotep akakugwira pamutu, wasanduka wake. Uyende manja patsogolo, usalankhule, uchite zomwe walamula. Poyamba zinali zokoma. Spider-Man anagwidwa natumidwa kukagwira Black Panther, ana nkumakuwa ndi chimwemwe. Koma sipanathe mphindi khumi, asanu ndi awiri anali atagwidwa, ndipo Imhotep, mphamvu zitamukwera m'mutu, anayamba kuwatuma zake: wina akamutungire madzi, wina amupatse chimanga chootcha chimene anasunga m'thumba. Spider-Man anakhala pansi, nkhope itagwa.

"Ine ndasiya. Ndikungoyenda ngati ndondocha, nanga ndikusewera chiyani?"

Mawu akuti ndondocha anandibaya. Mwanayo sanawatenge m'filimu. Tonse tinakula tikumva kuti wolemera wakutiwakuti anapha m'bale wake m'matsenga, namudula lilime, ndipo usiku amamulimitsa m'munda kapena kumukhazika m'chigayo. Ine sindikhulupirira zimenezo, ndipo mphekesera zotere zapwetekesa anthu osalakwa, makamaka okalamba. Koma ndimamvetsa chifukwa chake nkhaniyi imamera bwino m'dera la fodya. Kuno kunkabwera matenanti ochokera ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, banja lonse kulima chaka chathunthu, chimanga ndi mchere akulandira pangongole, pogulitsa fodya nkuuzidwa kuti ngongole yadya zonse. Nyumba ya malamulo inathetsa utenanti mu 2021. Munthu wogwira ntchito wopanda mawu, phindu likupita kwa wina, anthu a kuno sachita kukamufuna ku Igupto.

Ndipo Imhotep weniweni tikumunamizira. Anakhalako zaka zoposa 4,600 zapitazo, nduna ya Farao Djoser, ndipo ndiye amatchulidwa kuti anakonza piramidi ya masitepe ya ku Saqqara. Patadutsa zaka mazanamazana Aigupto anayamba kumupembedza ngati mulungu wochiritsa. Mbiri ya ufiti anamupaka ndi a Hollywood, kuyambira filimu ya 1932 ya Boris Karloff. Ndinayesa kuwafotokozera anawo. Anandimvetsera mwaulemu, kenako Hulk anafunsa ngati piramidiyo inali ndi mfuti.

Wa pachulu anaona kuti masewera akufa. Akanatha kungolamula kuti Imhotep alibenso mphamvu, koma ndiye woipa wopanda mano amuopa ndani? Anatsika, nayitana onse, ndipo anakangana kwa nthawi ndithu, ena akulozana zala. Zomwe anagwirizana zinandidabwitsa. Wogwidwa azikhala wa Imhotep mpaka wofotokoza awerenge makumi awiri, kenako nzeru zibwerere. Imhotep azilamula za nkhondo zokha, za madzi ndi chimanga ayi. Ndipo wogwidwa ali ndi ufulu wonamizira: atha kuyenda manja patsogolo ngati wagwidwadi, chonsecho akudikira mpata. Ichi anachitenga m'filimu momwemo, pomwe Jonathan, mmodzi wa olimbana ndi Imhotep, amapulumuka podziyesa mmodzi wa khamu lija.

Atayambiranso, masewera anasintha. Imhotep sankadziwanso kuti mwa akapolo ake wokhulupirika ndani. Ankacheuka kawirikawiri, neti ikumukola m'miyendo. Spider-Man, yemwe uja anasiya, ndiye ananamizira bwino kuposa onse, malovu akuchita kutuluka, mpaka anafika kumbuyo kwa mbuye wake nkumukulunga ulusi.

"Amalume, mwaona? Amayesa ndine wake!"

Imhotep anakana kufa. Ati ulusi sungamange munthu amene wagona m'manda zaka zikwi zitatu, ndipo wa pachulu anavomereza kuti mfundoyo ndi yoona. Mkangano unali pafupi kubuka pomwe kamtsikana kena, kamene tsiku lonse anakakaniza kusewera ati nkakang'ono, kanatulukira kukhitchini katanyamula mphaka wa mlongo wanga, miyendo ili lendelende. Aliyense amene anaonera filimuyo akudziwa kuti Imhotep amaopa mphaka. Mwini neti anayang'ana wa pachulu, wa pachulu anagwedeza mutu, ndipo wansembe wa Farao analiyatsa liwiro kudutsa m'munda wa mtedza, mphaka naye atapulumuka kulowera kwina.

Alamu anga anatulukira m'chigafa, thukuta lili kamukamu, naitana anyamata awiri akuluakulu kuti adzakweze mikangala kusanade. Mmodzi anali Imhotep. Anavula neti, naipinda bwinobwino, naibisa pa denga la khola la mbuzi kuti mawa asamulande udindo.