Belu la ayisikilimu ku Rimuka, ndi timakapu ta mandimu togulitsa nyengo yotentha

Sabata ino angapo mwafunsa funso limodzi lomwelo: munthu ungagulitse chiyani pakati pa ulendo ndi ulendo, pamene katundu wapita pangongole, okongolawo akuti dikirani mwezi uthe, ndipo mpamba watsala wochepa woti sungafike nawo ku Musina? Ena ayankha za mazira owiritsa, ena za mandasi. Zonsezo n'zabwino. Langa yankho ndi timakapu tozizira ta mandimu, timene ndimagulitsa ku Chegutu kuyambira Seputembala mpaka mvula itakhazikika. Kapangidwe kake ndilemba konse m'munsimu, koma mundilole ndiyambire kutali pang'ono, chifukwa amene sanamvetse chimene kasitomala akugula amathera ndalama pa zinthu zolakwika.

Ine ndinabadwira ku Kadoma, ndinakulira ku Rimuka. Agogo anga aamuna anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito pa mgodi wa Cam and Motor, ku Eiffel Flats, tauniyi ikutchedwabe Gatooma. Mgodiwo unatsekedwa mu 1968, koma iwo sanabwerere kumudzi, monga anachitiranso anzawo ambiri a ku Chakari ndi ku Patchway. Abambo anga anagwira ntchito ya thonje. Amene mumadziwa dera lino mukudziwa kuti masiku amenewo Kadoma ndi Chegutu zinkapuma ndi thonje: David Whitehead ankapota ulusi ku Kadoma n'kumaluka nsalu ku Chegutu, mtunda wosakwana makilomita 40 pamsewu wa Harare kupita ku Bulawayo. Mwezi ukatha malipiro akatuluka, lokesheni yonse inkadziwa popanda wouza mnzake. Ndipo woyamba kudziwa anali bambo wa njinga ya ayisikilimu.

Achinyamata a m'gulu muno mwina simunazione bwino njinga zimenezi. Kutsogolo kunali bokosi loyera, kumbuyo munthu wovala yunifolomu akupalasa, belu likulira. Zina zinali za Dairibord, zina za Lyons Maid. Masiku ena onse ankadutsa mothamanga, koma Loweruka la malipiro ankayenda ngati wapunduka mwendo, n'kumaima pamthunzi uliwonse. Akatsegula chivindikiro mumatuluka kautsi koyera kozizira, ndipo ife ana tinkakankhana kuti nkhope zathu zikhale pafupi. Zimenezo zinali zaulere. Ana a mabwana ndi a aphunzitsi ankagula Nutty Squirrel wa mtedza uja. Ife kwathu tinali ana anayi, ndipo abambo ankagula Super Split mmodzi basi. Ankamugwira okha, atakhala pakhonde, n'kumatiitana potsata ukulu: wamkulu anyambite, wachiwiri, wachitatu, kenako ine. Kamtengo kankapita kwa amene sanalire tsiku limenelo. Iwo eni sindikumbuka akulawako. Amayi ankati abambo anu mano awo sagwirizana ndi zozizira, ndipo tinkakhulupirira, ngakhale tinkawaona akutafuna nzimbe ngati makina.

Okutobala wa ku Kadoma ndi wosiyana ndi wa ku Harare. Kuno n'kotsika, dzuwa limaphika malata kuyambira m'mawa, ndipo usiku nyumba imakhala ngati uvuni. M'nyumba mwathu munalibe filiji. Madzi ankakhala mumtsuko pansi pa thebulo, wokutidwa ndi chiguduli chonyowa. Ndiye ndikamakumbuka tsopano, kukoma kwa Super Split ameneyu sindikukumbuka kwenikweni, ngakhale ndikudziwa kuti anali wa malalanje kunja. Chimene thupi langa likukumbuka ndi kuzizira kofika m'mano ndi pachipumi. Abambo ankalipira kuzizirako. Mpaka lero kasitomala wa pa renki masana akutentha akulipira chomwecho, shuga ndi mkaka zimangoperekeza.

Amayi anga anazindikira zimenezi kale ine ndisanadziwe n'komwe kuti geni n'chiyani. Chilala cha 1992 chitabwera, pamodzi ndi ESAP ija inayamba chaka cha m'mbuyo mwake, mitengo inakwera ndipo ntchito za m'mafakitale zinayamba kugwedezeka. Belu linkalirabe koma otuluka anachepa. Amayi anagwirizana ndi mayi wina woyandikana nafe amene anali ndi filiji yaikulu: iwo ankabweretsa Mazoe wosungunula ndi madzi m'timapepala, mayiyo ankaumitsa, phindu n'kugawana. Kuno timati mafiriziti, kumudzi ku Malawi amati mafilizesi. Ine ndinkanyamula bokosi kupita nalo pageti la sukulu. Fizi yanga ya Fomu 1 inachokera m'timapepala timeneto.

Ndiye bwanji osangokuuzani kuti gulitsani mafiriziti? Chifukwa cha zinthu ziwiri. Aliyense akugulitsa, mpaka ana, ndipo phindu lake ndi la kambalame. Komanso mafiriziti ndi ayisikilimu zimadalira kuuma gwaa. Magetsi akazima maola khumi, katundu yense wasanduka madzi, ndipo ayisikilimu wosungunuka n'kuumitsidwanso ndi woopsa m'mimba, kukoma kwakenso kumathawa. Timakapu ta mandimu sitilimba chifukwa cha ayezi. Timalimba chifukwa cha ndimu. Kuwawasa kwa ndimu kukakumana ndi mkaka, mkakawo umagwirana, monga mmene chambiko chimachitira, kungoti apa zimachitika m'mphindi zochepa inu mukuona. Filiji ntchito yake ndi kungoziziritsa ndi kusunga. Nkhani yonse ili pamenepo.

Kaphikidwe aka si kanga. Ndinakaona kwa mayi wina amene tinkagona nyumba imodzi ku Musina, ndipo ku South Africa aliyense amakadziwa ndi dzina loti Cremora tart. Zofunika ndi zinthu zimene ambiri a ife timanyamula kale m'zikwama: makapu awiri a Cremora, kapu imodzi ya madzi ozizira kwambiri, chitini chimodzi cha mkaka wotsekemera wa kondensi (cha magalamu 385 chija), theka la kapu ya madzi a mandimu, ndi paketi imodzi ya mabisiketi a Tennis. A Marie amagwiranso ntchito, kungoti alibe kafungo ka kokonati. Theka la kapu limatuluka m'mandimu atatu kapena anayi, kutengera kukula kwake. Musanadule, likunkhunizeni ndimu pathebulo mukulikanikiza ndi chikhatho, madzi amatuluka ambiri. Sefani mbewu.

Thirani Cremora ndi madzi ozizirawo m'mbale ya pulasitiki kapena ya galasi. Ya aluminiyamu ayi, ndimu limadya chitsulocho ndipo zimamveka pakamwa. Takasani mwamphamvu mpaka tizibuluma tonse tithe ndipo zikhale ngati phala la mwana. Ndi foloko zimatenga nthawi ndipo mkono umadandaula, koma zimatheka. Thirani mkaka wa m'chitini, takasaninso. Madzi a mandimu abwere pomaliza, pang'onopang'ono, mukutakasa. Mudzaona zikuyamba kulemera pa foloko. Zikafika poti supuni ikusiya kanjira, siyani. Phwanyani mabisiketi m'pepala ndi botolo, ikani supuni imodzi pansi pa kakapu kalikonse, thirani zosakanizazo, n'kuwaza tinyenyeswa tina pamwamba. Vindikirani, ikani mufiliji maola anayi, kapena usiku wonse ngati mukufuna kugulitsa mawa. Moto palibe, makala palibe, mafuta palibe. Ine muyezo umenewu umandipatsa timakapu khumi kapena khumi ndi tiwiri, ta kukula kwa timakapu ta yogati tating'ono tija.

Pali amene adzafuna kusintha ndimu ndi lalanje chifukwa ana amakonda zotsekemera. Sizilimba. Lalanje siliwawasa mokwanira, ndipo Mazoe ndiye musayese n'komwe, mungotaya chitini chanu. Ngati mukufuna fungo la lalanje kapena la nachesi, palani khungu la pamwamba lokha, lachikasulo, osafika koyera kowawa kuja, n'kuthira pang'ono m'zosakanizazo. Ndimu likhalebe pa muyezo wake. Ndikanena za manachesi, anzanga odutsa ku Nyamapanda, Tete ndi Zobue mukudziwa mmene a ku Mwanza amakomera nyengo yozizira, ndipo mtima umafuna kudzaza thumba. Idyani komweko. Zipatso zaziwisi paboda zimafuna chilolezo cha azaulimi, ndipo palibe nzeru kuika katundu wa mpamba wonse pachiswe chifukwa cha manachesi. Mandimu ndiye ku Chegutu sasowa. Dera lino linali ndi minda ikuluikulu ya malalanje ndi mango, ndipo m'malokesheni ngati Pfupajena mupeza mitengo ya mandimu kuseri kwa nyumba zambiri, eni ake akungoyang'ana zipatso zikugwa. Pemphani bwino, kapena sinthanitsani ndi kakapu kamodzi. Akachuluka, finyani n'kuumitsa madziwo m'timabotolo, muyezo wa theka la kapu pa botolo, chifukwa nyengo yotentha ikafika pachimake mandimu amachepa ndipo amadula.

Za mtengo sindikuuzani nambala yanga, chifukwa amene wagula Cremora ku Musina ndi amene wagula m'takishopu ya pakona sanalipire zofanana. Chitani chonchi: lembani zonse, kuphatikiza timakapu, zivindikiro, timasupuni ndi ayezi wa m'bokosi, gawani ndi khumi, osati khumi ndi ziwiri, chifukwa kamodzi kamatayika ndipo kena mwana wanu adya ndithu. Mukapeza mtengo wa kakapu kamodzi, ganizirani za chenji. Kuno tonse tikudziwa vuto la dola: ndalama zachitsulo zosinthira kulibe, ndipo ZiG chibwerereni mu Epulo 2024 si aliyense amene amailandira mosangalala. Choncho sankhani kukula kwa kakapu koti kagwirizane ndi dola yathunthu, kaya kamodzi pa dola kaya tiwiri pa dola. Musasankhe kakapu kaye n'kumavutika ndi mtengo pambuyo. Ndipo ichi musakongoze. Nsapato ya ngongole mutha kukailanda, kakapu kodyedwa mukalanda chiyani?

Ogula anga enieni si ana asukulu. Ana ali ndi mafiriziti awo. Ine ndimapita kumene kuli akuluakulu amene akhala pansi ndipo sangachokepo: amayi a m'saluni, osoka zovala, a m'mashopu a zitsulo, madalaivala odikira kuti kombi idzaze. Nthawi yabwino ndi kuyambira 12 koloko mpaka 3 koloko. Ikakwana 4 anthu ayamba kuganiza za ndiwo. Loweruka ndikapita ku Kadoma kukaona amayi, ndimanyamula bokosi lina, ndipo nthawi zambiri limatha ndisanafike ku Rimuka. Tsiku loyamba tengani kakapu kamodzi ka kulawitsa ndi timasupuni tambiri. Anthu amaopa chinthu choyera chimene sakuchidziwa, koma akalawa amaitana okha anzawo.

Tsopano mawu olemera, ndipo apa ndikupemphani muwerenge kawiri. Ife a ku Chegutu kolera sitimuwerenga m'nyuzi. Kumapeto kwa 2008 anatenga anthu ambiri m'tauni muno, ndipo mliri wa 2023 unayamba kuonekera kuno komweko mu Febuluwale. Chakudya ichi sichiona moto, ndiye chilichonse chimene chili m'madzi anu kapena m'manja mwanu chikupita m'mimba mwa mwana wa munthu. Kapu imodzi ya madzi ija iwiritseni mpaka ibwadamuke, iziziritseni yovindikira, kenako iikeni mufiliji. Musanene kuti ndi a pa mjigo, ndi oyera. Tsukani mandimu musanadule. Sambani m'manja ndi sopo. Ndimu limalimbitsa mkaka, silipha tizilombo tonse, ndiye wina asakunamizeni. Timakapu tikhale m'bokosi lozizira ndi mabotolo a madzi oundana nthawi yonse, ndipo musamatsegule kuti anthu aone. Totsala madzulo, ngati tikadali tozizira, banja lidye tsiku lomwelo. Tokhala mufiliji tisapitirire masiku awiri. Magetsi akazima usiku, musatsegule filiji, ndipo ikanimo mabotolo oundana aja pafupi ndi timakapu. Mukapeza m'mawa tafunda, tayani ngakhale zikupweteka. Amene mukufuna kuchita zimenezi mokhazikika, pitani ku khonsolo mukafunse za chiphaso cha ogulitsa zakudya musanayambe kuthamangitsana ndi apolisi a khonsolo.

Amayi anga tsopano ndi okalamba, shuga anawaletsa zotsekemera, koma amafuna kuona bokosi lililonse ndisanatuluke nalo. Amagwira botolo la ayezi ndi kuseri kwa dzanja, akapeza layamba kusungunuka amandibweza pakhomo ngati ndikadali wa Fomu 1. Iwo amati ndimaika bisiketi wambiri ndipo ndikudya phindu. Pamenepo mwina akunena zoona, ndiye inu yambani ndi supuni yosadzaza.

Amene muli ndi Cremora amene wakhala osayenda, onani deti pa paketi musanayambe. Yesani muyezo umodzi kunyumba Lamlungu, banja lilawe, ndipo Lolemba mutiuze muno ngati zalimba. Zikakana kulimba, mundiuze mandimu munaika angati ndi madzi anali ozizira bwanji, ndikuyankhani ndikafika ku Beitbridge Lachinayi.