Mphika wa agalu pa boda ya Cassacatiza

Agalu amene ndimaphikira ndi agalu antchito. Amalondera magolosale, zigayo, mashedi a chimanga ndi soya, komanso malo amene mathiraki ochokera ku doko la Beira amagona podikira mapepala owolokera ku Chanida, mbali ya Zambia. Eni ake amatanganidwa ndi malonda, alonda nawonso sangasiye geti n'kumakasonkha moto, ndiye chakudya amagula kwa ine chophikaphika, pa chidebe pa chidebe. Malipiro amabwera m'meticais kapena m'kwacha, malinga ndi zimene zili m'thumba la bwana tsiku limenelo.

Mphika wanga ndi mgolo wodula pakati. Ndimayamba ndi madzi ambiri ndi nyama yotsika mtengo ya ku butchala: chifu, mapapo, makosi a nkhuku, ndi zodulira zotsala. Zikapsa ndimachotsa mafupa onse, chifukwa fupa lophika limasweka n'kukhala tizibenthu takuthwa tolasa m'matumbo. Mumsuzi womwewo ndimathira mgaiwa, n'kuvundula ndi mthiko wautali mpaka fungo la ufa wauwisi lithe, kenako dzungu lophika ndi mafuta pang'ono. Mchere, anyezi ndi adyo sizilowamo. Anyezi amaphwanya magazi a galu, angakhale wophika, n'chifukwa chake makombo a m'malesitilanti a pamsewu ndimawakana ngakhale andipatse ulere. Ndimaphula chakudyacho chisanalimbe, chikadali phala lolemera lotsetsereka lokha pa chipande.

Chimanga ndimasankha ndekha chisanapite ku chigayo. Kwathu kuno tinazolowera kunena kuti chowola n'cha agalu, ndipo mawu amenewa apha agalu ambiri. Mu Ogasiti 2024 nduna ya zaumoyo ku Zambia, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya cha chimanga chokhala ndi aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku. Poizoni ameneyu amawononga chiwindi, ndipo kuwiritsa sikumupha. Chimanga chimene sindingadyetse mwana wanga sichilowa mumgolo.

Kumeneko n'kuphika kwa tsiku ndi tsiku. Pamene pamafunika mutu ndi pa galu wa vuto la mkodzo.

Nthawi zambiri wondiuza amakhala mlonda, pakuti ndiye amachezera ndi galuyo usiku wonse. "Achimwene, galu uja akungonjuta apa, kunjuta apo, koma kukutuluka timadontho tokha, tina tamagazi." Bwana akamva amafulumira kunditumizira uthenga wakuti ndisinthe chakudya, kapena auza dalaivala kuti akagule thumba lodula ku Tete kapena ku Chipata. Ine funso langa loyamba silikhudza chakudya. Ndimafunsa kuti, mkodzo ukutuluka, ngakhale pang'ono, kapena ayi? Galu wamphongo ali ndi kafupa m'kati mwa chokodzera chake, ndipo njira ya mkodzo imapanikizika pamenepo. Kamwala kochoka m'chikhodzodzo kakafika pamalopo kamatsekereza. Galu amakankha, kulira, mimba n'kuuma gwa, kenako ayamba kusanza ndi kufooka. Wotere sadikira mawa. Impso zimalephera, chikhodzodzo chikhoza kuphulika, ndipo m'masiku awiri kapena atatu galu amafa. Ndimawauza kuti, "Bwana, siyani za mphika, pezani galimoto." Katete ali pafupifupi makilomita 50 kuchoka pa Chanida, pomwe mzinda wa Tete ndi ulendo wa maola angapo pa msewu wa N9. Kulikonse kumene dokotala wa ziweto angapezeke msanga, n'kumeneko. Wowoloka ndi galu ayenera kukhala ndi mapepala a ziweto, makamaka a katemera wa chiwewe, choncho ndimawakumbutsa eni kuti khadi lizikhala pafupi galu asanadwale.

Mkodzo ukamatuluka, mpata woganiza umakhalapo, ndipo pamenepo ndimatukula mlomo wa galu kuona nkhama. Kuno nkhupakupa n'zambiri, makamaka mvula ikagwa. Matenda amene zimafalitsa amaphwanya magazi, mkodzo n'kukhala wofiirira kapena wakuda, nkhama zoyera kapena zachikasu, thupi lotentha. Galu ameneyo chikhodzodzo chake chilibe mlandu; akufunika jekeseni wa dokotala tsiku lomwelo. Palinso chotupa chimene agalu oyendayenda amapatsirana pokwerana. Chimamera kumaliseche, chimadontha magazi ngakhale galu sakukodza, ndipo chimachizika ndi majekeseni a mlungu ndi mlungu. Galu wamphongo wokalamba wosathena naye amatha kudontha magazi chifukwa cha prostate yotupa. Zonsezi munthu akhoza kuzitcha vuto la mkodzo, koma palibe chimodzi mwa izo chimene mthiko wanga ungachize.

Tsopano miyala yeniyeniyo. Ndinaphunzira kwa alangizi a ziweto ndi madokotala amene agalu a makasitomala anga apitako kuti miyala ya m'chikhodzodzo si yamtundu umodzi, ndipo chakudya chothandiza pa mtundu wina chikhoza kukulitsa wina. Apa m'pamene anthu ambiri amataya ndalama.

Mtundu wotchedwa struvite umakonda agalu aakazi. Njira yawo ya mkodzo ndi yaifupi, majeremusi amakwera mosavuta, ndipo ena mwa majeremusiwo amasintha mkodzo kuti usakhalenso wa asidi. Mumkodzo wotero magnesium, ammonia ndi phosphate zimagwirana n'kupanga mwala. Gwero lake ndi majeremusi, choncho popanda maantibayotiki oyenera, omwedwa mpaka dokotala atanena kuti basi, mwala umabwereranso ngakhale galu adye chakudya cha mtengo wotani. Ubwino wake ndi wakuti struvite amasungunuka. Mankhwala akaphatikizana ndi chakudya chapadera, mwala umatha m'milungu ingapo kapena miyezi iwiri itatu, opanda mpeni. Kwa galu wotere ine ndimachepetsa zinthu zodzaza ndi mchere wa m'mafupa: msuzi wa mafupa, kapenta wa ku Cahora Bassa wodyedwa ndi minga yake yomwe, ndi madeya.

Mtundu wachiwiri, calcium oxalate, umapezeka kwambiri mwa amphongo achikulire, makamaka timitundu tating'ono ta m'nyumba. Uwu susungunuka ndi chakudya chilichonse. Ukakula umachotsedwa ndi opaleshoni, ndipo ntchito ya wophika imayamba pambuyo pake, kuti wina usamere. Umakonda mkodzo wa asidi, ndiye galu wa mwala umenewu mukamupatsa chakudya chopangidwira kusungunula struvite mwamuwonjezera vuto. Kwa iye ndimachotsa bonongwe, sipinachi, mbatata ndi nsinjiro, pakuti zonsezi zili ndi oxalate wambiri. Anthu amadabwa ndikamakana nsinjiro, poti mtedza kuno timalima tokha ndipo umanenepetsa galu msanga. Amadabwanso kuti calcium sindimuchotseratu; ndimathirabe timakoko ta mazira tosinja pang'ono, chifukwa calcium akasowa m'matumbo oxalate amalowa m'magazi wambiri n'kukathera mumkodzo.

Wachitatu, urate, ndi wa agalu amawangamawanga a mtundu wa Dalmatian ndi ena a vuto la chiwindi. Kuno ndi wosowa. Ameneyo amasiyiratu chiwindi, impso ndi nsomba zing'onozing'ono, n'kudalira mazira.

Umene umandiganizitsa kwambiri ndi wa silica, chifukwa ukukhudza mgolo wanga mwachindunji. M'zaka za m'ma 1970 madokotala ku Kenya anapeza miyala ya silica m'impso za agalu ambiri akumudzi amene chakudya chawo chachikulu chinali ufa wa chimanga. Makoko a mbewu, makamaka mankhusu a mpunga ndi makoko a soya, ali ndi silica, ndipo galu wodyera pansi amameza dothi ndi mchenga. Madeya ndi otchipa, amadzaza chidebe, ndipo wophika wofuna phindu lachangu akhoza kuthira theka lonse. Ine ndimathira ochepa kwa agalu abwinobwino, ndipo kwa galu aliyense amene anavutikapo ndi mkodzo sindithira n'komwe. Ndimaumiriranso kuti galu adyere m'mbale, osati pa dothi.

Kudziwa mtundu wa mwala kumafuna kuyeza. Dokotala amaona mkodzo pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, kuyeza asidi wake, ndi kujambula ngati zida zilipo. Zida zokwanira zili kutali, monga ku sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel pa University of Zambia ku Lusaka, kapena ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo. Kuno koyambira ndi alangizi a ziweto a ku SDAE, ofesi yoona za ulimi ndi chuma m'boma la Chifunde, amene angakuuzeni kolowera. Galu akakodza kamwala, kapena kakachotsedwa pa opaleshoni, musakataye. Kaumitseni, kasungeni m'kabotolo. Ku America kuli Minnesota Urolith Center, kumene madokotala a m'maiko ambiri amatumiza miyala ya ziweto kuti ikayezedwe, ndipo yankho lake ndi limene limauza wophika chochita kwa moyo wonse wa galuyo.

Za matumba ogula ndinene mosabisa. Alipo opangidwira matenda amenewa, monga Royal Canin Urinary S/O ndi Hill's Prescription Diet c/d, s/d ndi u/d. Amagwira ntchito, ndipo mphika wanga sungafanane nawo pa kusungunula mwala, chifukwa iwo mchere uliwonse anaupima pa sikelo ya fakitale. Dokotala akalemba, ine ndimauza bwana kuti agule, ngakhale ndiye kuti chidebe changa chaima. Koma zilembo zija zili ndi tanthauzo, ndipo dalaivala wotumidwa asangotola thumba lililonse lolembedwa za mkodzo. Chakudya chosungunulira mwala n'cha nthawi yochepa, sichiyenera tiana, galu wa bere kapena woyamwitsa, ndipo chikasakanizidwa ndi makombo mphamvu yake imatha. Mlonda wachifundo akamaponyera galuyo mutu wa chicoa, nsomba yamchere ija, ndalama zonse za thumba zapita m'madzi. Matumba wamba a m'masitolo si oipa kwa galu wathanzi, koma sanapangidwire matenda. Poona thumba ndimayang'ana tsiku lothera, fungo, ndi mndandanda wa zosakaniza. Likayamba ndi makoko ndi zotsalira za mbewu ndimalibweza pa shelefu.

Chinthu chimene ndimalimbikira koposa, pa mtundu uliwonse wa mwala, ndi madzi. Taonani ketulo yowiritsira madzi a pa mjigo: madzi akamaphwera, pansi pamatsala zoyera zoumbika. M'chikhodzodzo zimachitika chimodzimodzi mkodzo ukakhala wochepa ndi wokhathamira. Galu amafuna madzi okwana mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku, ndiye wa makilogalamu 25 amafuna pafupifupi lita imodzi ndi theka, ndipo m'dzuwa la Okutobala ndi Novembala amafuna oposa pamenepo. Chakudya chouma cha m'thumba chili ndi madzi pafupifupi 10 peresenti yokha, pomwe cha m'chitini chimafika 75 peresenti. Phala langa lili mbali ya cha m'chitini, ndipo mphamvu yake yeniyeni ndi imeneyo: galu amamwa akudya, osadziwa. Wodyetsa za m'thumba aziviika, kapu imodzi ya chakudya m'makapu awiri a madzi, n'kuchotsa zotsala zisanasase. Ena amathira mchere kuti galu amve ludzu. Ine sinditero popanda mawu a dokotala, chifukwa galu wa mtima kapena impso zofooka mchere umamupweteka.

Pokasiya chidebe ndimayendera mbale ya madzi. Kawirikawiri ndimaipeza padzuwa, yobiriwira ndi ndere, kapena itagubuduzika ndi unyolo m'mamawa n'kukhala youma mpaka madzulo. Ndimapempha mlonda kuti aiike m'tayala lakale pamthunzi, atsuke tsiku lililonse, ndipo pakhale mbale ziwiri. Ndimapemphanso kuti galu amasulidwe masana katatu kapena kanayi. Galu wolondera amatsekeredwa m'kakhola tsiku lonse kuti usiku akhale waukali, ndipo ambiri safuna kukodza pamene amagona, choncho amasunga mkodzo kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Mkodzo wogonera motero ndi umene majeremusi amaswanamo ndi timiyala kugwirana. Pa nkhani imeneyi ndakanganapo ndi mabwana angapo, ndipo ndimakanganabe, chifukwa kumasula galu kwa mphindi khumi sikumuchotsera ukali, koma kumusunga choncho kumamufupikitsira moyo.

Chimodzi chimene ndimaletsa ndi mawu okweza ndi mankhwala a anthu. Munthu akaona galu akulira pokodza amathyola Panado, Brufen kapena diclofenac. Brufen ndi diclofenac amaboola chifu cha galu ndi kuwononga impso, zomwe pa nthawiyo zili kale pa mavuto, ndipo Panado wopitirira muyezo amapha chiwindi. Makapisozi otsala a m'nyumba nawo amangogonetsa majeremusi masiku ochepa, n'kudzuka olimba kuposa kale.

Galu akachira, chidebe chake ndimachilemba chizindikiro, ndipo gawo lake ndimalipatula mumphika waung'ono ndisanathire madeya mumgolo waukulu. Mlonda ndimamusiyira ntchito ya m'mawa uliwonse: aone mkodzo woyamba. Ukakhala wotuwa ndi wambiri, zili bwino. Ukayamba kuda, kununkha kwambiri, kapena galu kunjuta kawirikawiri, andiimbire foni, ndipo ine ndimauza bwana kuti atenge mkodzo wa m'mawa m'botolo loyera apite nawo kwa dokotala tsiku lomwelo, usanagone.